Musapereke disiki musanatsimikize kuti kopi yake ili bwinobwino

Abale anga a kuno ku Joni, izi ndikulemba chifukwa zinandionekera ine ndemwe, ndiye mupirire ikhala yaitali pang'ono. Bambo anga anamwalira ndili kuno, nthawi imeneyo mapepala anali asanalongosoke moti ku maliro ku Ntcheu sindinapite. Chomwe ndinalandira ndi DVD imodzi basi, mnyamata wina wa kamera anajambula mwambo wonse kuyambira pa siwa mpaka kumanda, achimwene nkutumiza ndi munthu wa basi ine kukailandira pa Park Station. Disiki imeneyo inakhala zaka mu sutikesi pansi pa bedi ku Rosettenville. Tsiku lina ndinati ndiikope pa fulashi poti malaputopu a masiku ano sakubweranso ndi polowetsa disiki. Ndinakopa, kompyuta sinadandaule chilichonse, ndinatsegula ndikuona azimayi akuyimba, ndinati basi zatheka, disiki nkupatsa alongo anga amene amabwerera kumudzi. Patatha miyezi ndinakhala pansi kuti ndionere yonse, kufika pomwe amalume akuyankhula kumanda chithunzi chinangoima, timabokosi tobiriwira mbwee, mawu zii. Mbali yonse yomaliza kunalibe. Mwayi disiki inali idakalipo ndipo inabweranso, koma masiku amene ndimaidikira aja tulo sindimationa.

Ndiye kompyuta ikati yamaliza kukopa sikuti yakuuzani kuti zomwe zili pa fulashi ndi zofanana ndi zomwe zili pa disiki ayi. Kutsimikiza ndi ntchito ina payokha ndipo ndi imene ndikufuna tiyende limodzi. Ndikunena za ma disiki athu athu, a ukwati, chinkhoswe, maliro, kwaya ya kumpingo, graduation ya mwana. Mafilimu ogula mu shopu ali ndi eni ake komanso amakhala okhoma, amenewo si nkhani ya lero.

Yambani ndi kuiyang'ana disikiyo musanailowetse. Igwireni m'mbali, muitembenuze poyera. Ma DVD owotcha pa kompyuta kunsi kwake kumakhala kwa pepo, mukaona madontho akuda, mtundu wasintha m'mphepete kapena pakati pa bowo pakuoneka ngati pakumatuka, dziwani kuti disikiyo ikupita ndipo mwina mwayi woikopa ndi womwewu. DVD ndi timapulasitiki tiwiri tomatidwa pamodzi, vidiyo ili pakati pake, nchifukwa chake osamaipinda pochotsa mu kesi. Ngati ili ndi zala kapena fumbi pukutani ndi kansalu kofewa kuyambira pa bowo kupita kunja, osazungulira ngati mukutsuka mbale, chifukwa kukanda kotsata mzere wa data ndi kumene kumaononga kwambiri. Zomata ndi zala zimachoka ndi madzi ndi kasopo ka mbale pang'ono, muumitse bwinobwino. Za mankhwala otsukira mano zija anthu amanena, ine ndimati musayambe nazo, yesani kaye kukopa mmene ilili.

Chenjezo limodzi apa. Kuli tima DVD ting'onoting'ono tija ta ma kamera akale, ndi ena ojambulidwa pa makina a DVD recorder. Ngati wojambulayo sanaitseke disiki, chomwe makinawo amalemba kuti Finalize, kompyuta imatha kuionetsa ngati mulibe kanthu nkukufunsani kuti muifomate. Musavomere chonde. Vidiyo ilimo, ikufunika kukatsekedwa pa makina a mtundu womwe inajambulidwira kapena kupita kwa munthu wodziwa kupulumutsa mafayilo.

Mukailowetsa musathamangire kukopa, muione kaye mkati. Dinani kumanja pa chizindikiro cha disiki musankhe Open, mupeza foda yotchedwa VIDEO_TS. Mmenemo muli mafayilo a mitundu itatu. A VOB ndiwo vidiyo yeniyeniyo ndi mawu ake, ndipo amadulidwa zidutswa zosapitirira 1 GB chilichonse, ndiye mudzaona VTS_01_1.VOB, VTS_01_2.VOB kumapita choncho. A IFO ndi ang'onoang'ono, ndi amene amauza player kuti menu ili pati, chigawo chikuyambira pati. A BUP ndi ma kopi a IFO osungira pangozi. Tengani pepala mulembe kuti mafayilo alipo angati ndipo foda yonse ikulemera ma byte angati, nambala yaitali ija imaoneka mu Properties, osati yachidule ya 3.9 GB. Muyike disiki mu VLC, pulogalamu yoonera vidiyo, mulembenso kutalika kwa vidiyo, maola mphindi ndi masekondi. Anthu ambiri amalakwitsa pompa, amakoka VOB imodzi nkumaganiza kuti atenga ukwati wonse pomwe atenga kachigawo chabe.

Musadabwe kuona disiki yolembedwa 4.7 GB Windows ikunena kuti 4.38 GB, sikuti kwasowa kanthu, ndi kawerengedwe kosiyana basi. Ma disiki a magawo awiri amalembedwa 8.5 GB.

Tsopano kukopa. Ine ndimalimbikitsa kupanga ISO, yomwe ndi fayilo imodzi yotenga disiki yonse mmene ilili, sekita ndi sekita (masekita ndi tizigawo ting'onoting'ono ta pa disiki), menu ndi zonse. Pa Windows ndimagwiritsa ntchito ImgBurn, ndi yaulere, ndi yakale ndithu poti yomaliza inatuluka mu 2013 koma ikugwirabe ntchito, kungoti poyiyika muziwerenga musanadine Next kuopa kulowetsa mapulogalamu ena osawafuna. Sankhani Create image file from disc, muiuze kuti isunge pa hard drive ya kompyuta kaye osati pa fulashi. Liwiro lowerengera litsitseni, 4x ndi yabwino kwa disiki yakale, palibe chothamangira. Laputopu ikhale yodzaza moto ndipo muone kaye ngati kwanu magetsi akuzimazima, magetsi kuzima pakati ndiye kuyambiranso. Mu Settings muli malo olembedwa Ignore Read Errors, onetsetsani kuti sipanachongedwe, chifukwa pakachongedwa pulogalamu imadumpha malo ovuta nkupitirira ngati palibe chachitika, inu nkumasangalala ndi fayilo ya mabowo. Ikamagwira ntchito muziyang'ana kawindo ka pansi kolemba zomwe zikuchitika, mukaona mizere ya retry kapena read error ndiye kuti disiki ili ndi malo odwala, tibwerako kumeneko. Ngati disiki ndi ya 8.5 GB mudzaona kafayilo kena kakang'ono ka MDS pambali pa ISO, musakafufute, kamasunga pomwe gawo loyamba likuthera ndipo kadzafunika mukadzafuna kuwotcha disiki ina.

Ikatha musatulutse disiki nkupita kukagona. Bwererani pa tsamba loyamba la ImgBurn musankhe Verify disc, muchonge Verify Against Image File, muiloze ISO mwapanga ija. Iwerenganso disiki yonse kuchokera poyambira nkumafananiza sekita iliyonse, ya ma byte 2048, ndi yomwe ili mu fayilo. Zimatenga nthawi yofanana ndi kukopa komwe. Ikamaliza osapeza kusiyana ndiye mwadutsa mlatho woyamba. Ngati mukufuna mtima ukhale pansi kwenikweni, makamaka pa disiki yomwe ilipo imodzi dziko lonse ngati yanga ija, bwerekani drive ina ya USB kwa mnzanu mupangenso Verify pamenepo, chifukwa ma drive sawerenga mofanana, ina imaona pomwe inzake ikulephera.

Pano ndiye pamene pali mtima wa nkhani yonse, hash, ena amati checksum. Muziiganiza ngati chidindo cha chala cha fayilo. Kompyuta imawerenga fayilo yonse nkutulutsa mzere wa manambala ndi zilembo, wa SHA-256 umakhala wa zilembo 64. Mu fayilo ya 4 GB mukasintha kanthu kamodzi kokha kakang'onong'ono, mzere wonsewo umatuluka wina osafanananso olo pang'ono. Ndiye mafayilo awiri akatulutsa hash yofanana, ndi amodzi, palibe zokaikira. Kukula kwa fayilo kokha sikokwanira, yanga ya maliro ija kukula kwake kunali ndendende koma mkati munali zinyalala.

Simukufunika kugula kanthu, Windows ili nayo kale. Tsegulani Command Prompt, kawindo kakuda kolembamo malamulo a kompyuta, mulembe chonchi, kusintha dzina ndi malo kuti zigwirizane ndi zanu:

certutil -hashfile C:\Mavidiyo\maliro.iso SHA256

Idikireni, pa fayilo yaikulu imaoneka ngati yaima koma ikugwira ntchito. Amene mumakonda PowerShell lembani Get-FileHash kenako dzina la fayilo, imapereka SHA-256 yomweyo. Pa Mac ndi shasum -a 256, pa Linux ndi sha256sum. Ngati kawindo kakuda kaja kamakuopsani, 7-Zip imayika CRC SHA pa menu ya kudina kumanja, mumangosankha SHA-256 basi. Mzere watulukawo mukope muusunge mu Notepad, fayilo yake muitche hash.txt ndipo izikhala mu foda imodzi ndi ISO, mulembemo dzina la disiki, tsiku, kukula kwake ndi kutalika kwa vidiyo kuja munalemba pa pepala. Kafayilo aka ndi kamene kadzakuuzeni zoona zaka zisanu zikubwerazo.

Kuyambira apa, kulikonse kumene ISO ija yapita, pa fulashi, pa hard drive yakunja, pa laputopu ya mlamu wanu, mumapanga hash ya kopi yatsopanoyo nkufananiza ndi ya mu hash.txt. Osafananiza ndi maso zilembo zitatu zoyamba ayi, kopani yatsopanoyo, mu Notepad dinani Ctrl ndi F muimate, ikaipeza ndiye kuti zafanana. Ndipo ichi ambiri sachidziwa, mukangomaliza kukopa pa fulashi musapange hash nthawi yomweyo. Itulutseni kaye bwinobwino ndi Eject, muizule, muilowetsenso, kenako mupange. Chifukwa chake kompyuta imasunga zomwe yangokopa kumene mu memory yake, ndiye ikhoza kukuwerengerani za mu memory zomwe zili bwino pomwe zomwe zalowadi mu fulashi ndi zowonongeka.

Amene simunapange ISO koma munangokoka foda ya VIDEO_TS kalekale, musadandaule njira ilipo bola disiki mukadali nayo. Mu PowerShell lembani:

Get-FileHash D:\VIDEO_TS\*

ngati disiki ili pa D, kenako mupangenso chimodzimodzi pa foda munakopa ija, mufananize fayilo ndi fayilo. Njira yomweyi imathandizanso mukapanga ISO kawiri pa ma drive awiri nkupeza ma hash akusiyana. Nthawi zina kusiyanako kumangokhala kwa masekita opanda kanthu a kumapeto kwa disiki, ndiye dinani ISO kawiri itseguke ngati disiki, Windows 8 kupita mtsogolo imatha, mufananize ma VOB ndi ma IFO a mkatimo. Akafanana onse vidiyo yanu ili bwino.

Nde tikambe za fulashi, poti ndi imene inandipweteka ine. Ndinagula pa tebulo la mumsewu mu town, yolembedwa 64 GB, mtengo wotsika moti ndinaona ngati ndatola. Inali yabodza. Ma fulashi amenewa amawakonza kuti azinamiza kompyuta, mkati muli malo ochepa koma amanena kuti ndi aakulu, ndiye malo enieni akadzaza zotsalazo zimangotayika kapena kufufuta zakale, koma maina a mafayilo ndi kukula kwake zimaonekabe bwinobwino. Ine ndinali nditayikamo kale nyimbo ndi zithunzi, vidiyo ya maliro inalowa theka malo nkutha. Fulashi iliyonse yatsopano, olo memory card, olo mwagula mu shopu yooneka bwino, iyeseni ndi H2testw isanalandire chinthu chofunika. Ndi kapulogalamu kaulere ka ku Germany, kali ndi posankha English. Fulashi ikhale yopanda kanthu, sankhani all available space, dinani Write + Verify. Kamadzaza fulashi yonse ndi mafayilo ake nkuwawerenganso, pa fulashi yaikulu zimatha maola ndiye muisiye usiku. Mmawa mukapeza Test finished without errors ndi yabwino, fufutani mafayilo a h2w aja muyambe kuigwiritsa ntchito. Yanga ija inatulutsa zofiira, malo abwino osakwana 8 GB. A Linux pulogalamu yake ndi f3.

Chinanso pa fulashi, zambiri zazing'ono zimabwera zitafomatidwa mwa mtundu wotchedwa FAT32, ndipo FAT32 siilandira fayilo imodzi yofika 4 GB. ISO yanu ikakana kulowa pomwe malo alipo ambiri vuto ndi limeneli, ifomateni ikhale exFAT kapena NTFS, koma kumbukirani kuti kufomata kumafufuta zonse zili mmenemo. Komanso ma TV ena akale akumudzi sawerenga exFAT, ndiye fulashi yoti amayi azionera pa TV ikhale ina, ya FAT32 yokhala ndi MP4 yochepera 4 GB, yosungira ikhale inanso.

Apa ndiye tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe anthu amasokoneza. Kopi yosunga ndi ISO. Kopi yoonera ndi MP4 yomwe mwapanga ndi HandBrake kuti ikwane pa foni. HandBrake imaiphikanso vidiyo kuti ichepe, ndiye hash yake singafanane ndi ya disiki ndipo zina mwa ubwino wa chithunzi zimatayika osabwereranso. Si yoipa, koma musafufute ISO chifukwa muli ndi MP4. Pakati pa ziwirizi pali MakeMKV, imene imachotsa vidiyo mu disiki nkuika mu fayilo ya MKV osaichepetsa, kungoti menu imatsala. Samalani nayo pa chinthu chimodzi, mmene imabwerera imadumpha tizigawo tochepera masekondi 120, ndiye ka mau oyamba kaja kapena tizithunzi ta akwati ndi nyimbo kumayambiriro tikhoza kutsala inu osadziwa. Lowani mu Preferences mutsitse nambala imeneyo.

Kopi ya MKV kapena MP4 poti hash singakuthandizeni kufananiza ndi disiki, mumaiyesa mwa njira zina. Itseguleni ndi MediaInfo muone kutalika ngati kukufanana ndi kwa pa pepala paja, kusiyana kwa sekondi imodzi si nkhani koma mphindi zingapo ndiye kuti china chatsala. Ma DVD ojambulidwa ku Malawi ndi kuno ku South Africa kawirikawiri amakhala a PAL, 720 x 576, zithunzi 25 pa sekondi, ochokera ku America amakhala a NTSC, 720 x 480. Muonenso kuti mawu alipo, ndipo ngati disiki inali ndi mizere iwiri ya mawu yonse yabwera. Kenako amene mungathe kuyika pulogalamu ya ffmpeg lembani mu Command Prompt:

ffmpeg -v error -i maliro.mkv -f null -

Imaonera vidiyo yonse mothamanga m'malo mwanu osasunga kanthu, ikamaliza ili chete osalemba kalikonse ndiye kuti sinapeze chophwanyika. Ikatulutsa mizere yambirimbiri pali vuto. Mzere umodzi kapena iwiri nthawi zina imakhala yochokera kwa wojambula uja kale, muone ngati pa disiki yeniyeni malo amenewo akuseweranso chimodzimodzi. Musaiyese pa VOB imodzi payokha chifukwa zidutswa zija zinadulidwa pakati pa chithunzi ndiye imadandaula poyambira ndi pothera olo zonse zili bwino.

Komabe olo makina anene kuti zili bwino, khalani pansi muonere. Ndikudziwa vidiyo ya ukwati wa kwathu ndi maola atatu perekaniperekani yekha ola lathunthu, koma kamodzi kokha muionere yonse, olo pa liwiro la 2x mu VLC uku mukusita. Ngati nthawi palibiretu, onerani poyamba, mudumphe mphindi khumi khumi, muyang'anitsitse malo amene VOB ina ikuthera ina nkuyamba, ndipo mphindi 20 zomaliza muonere zonse osadumpha. Disiki ya 4.7 GB imalembedwa kuchokera pakati kupita kunja, ndiye mapeto a vidiyo amakhala cha m'mphepete komwe zala zimagwira, komwe kumakandika komanso komwe ma disiki otchipa amayambira kufa. Muziyang'ananso milomo ngati ikugwirizana ndi mawu kumapetoko, pa MP4 nthawi zina poyamba zimayenda limodzi koma pofika kumapeto mawu atsogola.

Nanga disiki ikakhala kuti ikukana, ImgBurn yaima pa 87 peresenti drive ikungolira? Musaikakamize maola ndi maola. Yesani drive ina kaye, nthawi zambiri zimathera pomwepo. Zikakanika pezani munthu wa Linux, olo Ubuntu ya pa fulashi imakwana, ayike gddrescue alembe:

ddrescue -b 2048 -r 3 /dev/sr0 maliro.iso maliro.map

Ubwino wa ddrescue ndi woti imayamba yatenga malo onse abwino kenako nkubwerera ku ovuta, ndipo fayilo ya map ija imasunga pomwe yafika, ndiye magetsi akazima imapitiriza pomwe inalekera, komanso mukhoza kusamutsa disiki kupita pa drive ina ndi ISO ndi map zomwezo nkukatola masekita amene yoyamba inalephera. Pomaliza imakuuzani kuti yapulumutsa zochuluka bwanji ndipo zotsala ndi zingati. Ngati patsala pang'ono, lembani mu hash.txt muja kuti kopi iyi ili ndi bowo pa mphindi yakuti, kuti mwana wanu asadzavutike kufunafuna vuto lomwe linachokera ku disiki. Ndipo funsani kumudzi, kawirikawiri wa kamera amawotcha ma disiki angapo, wina ali nayo mu kabati ndipo yake mwina inakandika malo ena.

Za kutumiza kumudzi. Vidiyo mukaitumiza pa WhatsApp mwa nthawi zonse imafinyidwa, imene yafika si imene mwatumiza. Mukaitumiza ngati Document imafika mmene ilili koma malire ake ndi 2 GB ndiye ISO yathunthu siikwana. Google Drive imapereka 15 GB yaulere, ma DVD atatu odzaza amakwanamo, mukapeza Wi-Fi yabwino ikwezeni, kenako muitsitsenso tsiku lina mupange hash muone ngati ikufanana. Mukapatsira fulashi munthu wa basi, hash.txt ipite nawo, ndipo mphwanu amene ali ndi laputopu ku Lilongwe kapena ku Blantyre apange certutil akutumizireni chithunzi cha zomwe zatuluka.

Ine pano ndimasunga malo atatu, pa hard drive yakunja kuno, pa Google Drive, ndi hard drive ina kwa alongo anga kumudzi, poti kuno tonse tikudziwa, chipinda chimathyoledwa, nyumba zimapsa, tsiku lina umangouzidwa kuti usamuke. Fulashi yokha sindiidalira pa zosunga zaka, ikakhala nthawi yaitali mu drawer osalowetsedwa imatha kutaya zinthu. Chaka chilichonse mu December ntchito ikatsekera ndimalumikiza hard drive ija nkupanga hash ya ma ISO onse, alipo 11 tsopano ndi a abale ena amene anandipatsira, ndikufananiza ndi hash.txt. Ina ikadzasiyana ndidzaifufuta nkukopanso kuchokera pa yabwino. Disiki ya maliro a bambo sindinaibwezenso kumudzi, ili mu kesi yake yoimika mu wadirobu kutali ndi dzuwa la pa windo, ndipo kwa amayi kunapita MP4 imene ndinaionera ndekha mpaka pomwe amalume akumaliza kuyankhula anthu nkuyamba kubalalika.